Ndinaletsa Manja a Mwana Wanga

Anthu a ku Kabwata amene adakali moyo angakuuzeni kuti ine ndinali mayi wa mtima wapachala, ndipo sindingawatsutse. Ndinakanganapo ndi ogulitsa makala, ndi makondakitala a mabasi, ngakhale ndi tcheyamani wa Chipani wa m'dera lathu, munthu amene amuna akuluakulu ankamuvulira chipewa ali patali. Koma mikangano yanga yambiri inali ya chinthu chimodzi, dzina limene munthu wamutchula nalo mwana wanga wamkazi. Abale a kwathu ku Katete ankati gonthi. Aneba athu Abemba ankati chibulu, kutanthauza wosalankhula. Ana a m'misewu, amene sasankha mawu, ankangoti chitsiru. Mayi wina anamutchula choncho pampopi ine ndikumva, ndipo madzi amene anatunga anathera pamutu pake, ndowa n'kumuveka ngati chisoti. Sindinapepese, ndipo mpaka lero sindiona cholakwa. Chimene chimandidya mumtima ndi china, ndipo sanachichite mneba kapena mwana wa m'misewu. Ndinachichita ndine, mayi wake.

Tinabwera ku Lusaka ufulu utangobwera kumene. Atate ake a ana ankakonza makina pafakitale ina ku Indasitiriyo, ndipo ankafika kunyumba akununkha girisi mpaka m'tsitsi. Ine ndinali ndi makina osokera opukusa ndi dzanja pakhonde la nyumba ya khansolo. Ndinkasoka mayunifolomu a sukulu ndi mabulawuzi a amayi a chigwirizano, gulu la amayi a kutchalitchi kwathu. Mwana amene ndikunenayu anali wachiwiri, ndipo anabadwa bwinobwino, wolira mokweza kuposa makanda onse m'wodi. Pofika zaka ziwiri anali atayamba kugwira timawu, ndipo mawu ake ndimawakumbukabe. Kenaka anadwala, thupi kutentha ngati mbaula, khosi kuuma gwa. Tinakhala naye m'chipatala masabata atatu. Anachira, tinathokoza Mulungu, tinapha nkhuku n'kuitana aneba.

Ndinadzadziwa kuti sakumva pa tsiku lokondwerera ufulu. Ndege zankhondo zinadutsa m'munsi kwambiri, malata a nyumba n'kunjenjemera. Ana onse anathawira kwa amayi awo atatseka makutu, agalu akuuwa, nkhuku zili balala. Wanga anangokhala phee pamchenga, akuponya timiyala m'chitini. Ndinapita kumbuyo kwake n'kuwombanitsa mbale ziwiri zachitsulo. Sanatembenuke. Ndinamuitana mpaka mawu anandisasa, atate ake n'kundigwira paphewa.

"Amake mwana, basi, lekani," anatero. "Anthu akuona."

Palibe anatiphunzitsa kulankhula naye. Zizindikiro za manja zinangomera zokha m'nyumba, iye akuyambitsa, ife tikutsatira. Akatsina mphuno ndiye kuti akunena atate ake, chifukwa cha girisi uja. Akazunguza dzanja ngati akupukusa makina ndiye kuti akunena ine. Abusa anali chibwano m'mwamba ndi chala pakolala. Tcheyamani anali masaya otupa ndi mimba patsogolo, ndipo ankatsanzira kayendedwe kake ndendende, mpaka ndinkachita mantha kuti tsiku lina tidzamangidwa. Koma miseche, abale! Mwana uja ankaona zonse: amene walowa m'nyumba ya yani mwamuna ali kuntchito, amene wabisa saladi, mafuta ophikira aja, pansi pa bedi, amene wavala nsapato za mlongo wake. Ankabwera kudzakhala pafupi ndi makina n'kundithirira zonsezo, manja, maso, milomo ndi mapewa zikugwira ntchito pamodzi, ine misozi ikutuluka ndi kuseka. M'tchalitchi ndinkachita kuluma mpango kuti abusa asandione. Ndikunena zoona, sindinakhalepo ndi mnzanga wocheza naye ngati mwana ameneyo.

Zaka zimenezo zinthu zinayamba kusowa. Sopo, saladi, shuga, ngakhale ufa, zonse zinali za pamzere, ndipo sunkadziwa kuti lole itsitsa pasitolo iti. Amayi ena ankaima pamzere umodzi kuyambira m'mawa, n'kudzamva masana kuti katundu watsikira kwina. Ine ayi. Ndinkaima tsidya lino la msewu wa Cairo, mwana wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri ali tsidya linalo pamzere wina, magalimoto akudutsa pakati pathu, ife tikucheza bwinobwino. Ankandiuza kuti kuno kwafika sopo, makatoni ndi ochepa, mlonda ndi waukali uja, fulumirani. Mayi wina amene tinkakumana naye kawirikawiri pamizere anandikoka nsalu tsiku lina n'kunena m'Chinyanja cha m'tauni kuti, "Imwe amai, uyu mwana wanu ni wailesi. Munibwelekeko mailo." Ankatanthauza kuti ndimubwereke mwanayo mawa lake. Ndinaseka, ndipo ndinanyada tsiku lonse.

Nthawi yolembetsa Giredi Wanu itakwana ndinamusokera yunifolomu, tinapita kusukulu yapafupi. Masiku amenewo ana ambiri analibe mapepala a kubadwa, choncho ahedi ankayesa msinkhu pouza mwana kuti adutsitse dzanja pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wanga anaona mmene anzake akutsogolo ankachitira, ndipo atafika patebulo anagwira khutu asanauzidwe. Ahedi anamwetulira n'kumufunsa dzina. Mwana anayang'ana ine. Nditafotokoza, ahedi anatseka cholembera chawo.

"Amai, pano bana ni bambili, bafika mpaka pa chitseko," anatero ahedi. "Bana ba so, bosamva, si ba pano."

"Nanga ndi a kuti?"

"Mufunse ku chipatala."

Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano. Mwana anangoona kuti anzake akulowa, iye akubwerera. Yunifolomu ija anakana kuivula masiku atatu.

Thandizo linadzera kwa mayi wina wa chigwirizano amene ankagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Kabulonga. Anandiuza kuti dona wake amathandiza pakalasi ina ya ana osamva, kuseri kwa sukulu ina ku Woodlands. Tinapita. Chinali chipinda chaching'ono chopakidwa laimu, muli galasi lalikulu pakhoma ndi ana ochepa atakhala mozungulira. Aphunzitsi ake anali mayi wa kwathu komwe kummawa, wofatsa, amene anakaphunzira ntchitoyo kunja kwa dziko. Anamuveka mwana zinthu zina m'makutu, akupotokola makina, akulemba timitanda papepala. Atatha anandipatsa mpando, chinthu chimene ahedi aja sanachite.

"Choyamba, amayi, mawu aja akuti gonthi muwasiye," anatero aphunzitsiwo. "Mwanayu si chitsiru, ndipo sakudwala. Ndi mwana amene ali ndi vuto la kumva, ndipo akufunika maphunziro apadera. Mutu wake ndi wakuthwa, mwina kuposa wanga. Onani timitandati. Khutu lamanzere latsala ndi kumva pang'ono, ife timati kumva kotsalira, ndipo pamenepo ndi pamene tigwire. Lilime lili bwino, kholingo lili bwino. Si wosalankhula ayi. Sanaphunzire chabe."

Ndinalira pampando pomwepo, osachita manyazi. Zaka zonsezo palibe munthu wophunzira amene analankhulapo za mwana wanga mwaulemu chotero. Mawu aja ndinawaloweza ngati vesi: vuto la kumva, maphunziro apadera, kumva kotsalira. Ndinkadziwa kale amene ndikawalase nawo pampopi.

Tikutuluka, dona wachizungu uja analowa, ndipo mwana anandikodola n'kundiuza ndi manja kuti mzunguyo ali ndi miyendo ngati ya nkhuku. Ndinaseka n'kumuyankha kuti akhale chete. Aphunzitsi anationa, nkhope yawo n'kusintha.

"Izi ndiye ziyenera kutha lero," anatero. "Madzi amatsata kotsetsereka, amayi. Mwana akaona kuti manja akumupatsa zonse, pakamwa sadzatsegula. Mukamuyankha ndi manja, ndinu amene mukumutseka pakamwa. Limbani mtima chaka chimodzi kapena ziwiri. Adzalankhula, adzalowa sukulu ya ana onse, adzakhala ngati anzake."

Masiku ena ndimawakwiyira mayi amene aja, masiku ena ayi. Sankanama. Ndi zimene anawaphunzitsa, ndipo ana aja ankawakonda. Koma ine ndinamva mawu amodzi okha, akuti adzalankhula, ndipo china chilichonse chinatuluka m'mutu mwanga.

Nditafika kunyumba ndinaika lamulo: m'nyumba muno manja atha. Atate ake ankasamba m'manja ndi palafini kuseri kwa nyumba, ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Amake mwana, kodi mwanayu salankhula?" anafunsa. "Ine ndimamva zonse zimene amanena."

"Inu munalekezera Sitandade Thuu," ndinawayankha, "ndiye mukufuna kutsutsa munthu amene anakwera ndege kukaphunzira zimenezi? Adzamulemba ntchito ndani akuponya manja ngati wapolisi wa pamsewu? Adzamukwatira ndani?"

Anangopitiriza kusamba. Anali munthu wosakonda phokoso, ndipo ine ndinkapezerapo mwayi. Pambuyo pake ndinkawapeza awiriwo kuseri kuja akucheza mobisa, ndipo ndinkawakalipira ngati ndawagwira akuba.

Kusukulu anamupatsa kabokosi kothandiza kumva, kokhala pachifuwa, waya wake n'kukwera mpaka m'khutu. Ndinakasokera kathumba. Masana aliwonse ndinkasiya zosoka n'kukhala naye pamkeka ndi galasi ndi kandulo, monga aphunzitsi anandisonyezera. Ankaika dzanja pakhosi panga kuti amve kunjenjemera, kenaka pakhosi pake. Ankauzira kandulo kuti aphunzire kutulutsa mpweya ndi milomo. Akafuna tiyi ndinkagwira kapu m'mwamba mpaka atatulutsa liwu. Vuto linali manja anga. Ankayankha okha ine ndisanaganize, choncho ndinayamba kuwapana m'khwapa kapena kuwakulunga m'nsalu.

Poyamba mwana ankayesa masewera. Ankandiseka, n'kumayesa kundinyengerera ndi nkhani za tcheyamani kuti ndiphulike. Patapita masabata anaganiza kuti ndikudwala. Tsiku lina anatulutsa manja anga m'nsalu, anawatembenuza uku ndi uku kufuna bala, anawauzira, kenaka anapita kukatenga mafuta odzola n'kuyamba kundisisita chala chimodzichimodzi. Mayo ine! Ndinayang'ana kudenga kuti misozi isagwe, ndipo ndinadziuza kuti ndikumuchitira zabwino. Atamaliza anadikira kuti ndinene kanthu. Ndinabweza manja m'nsalu.

Pamizere ya m'tauni ankandikodolabe ali tsidya lija, ine n'kumayang'ana kumbali. Tinayamba kuphonya shuga ngati anthu ena onse.

Tsopano ndinene za tsiku limene ndakhala ndikulizungulira. Inali nthawi ya mvula, patatha pafupifupi chaka. Mwana ankayenda pansi kuchokera ku Woodlands pamodzi ndi anzake awiri a m'kalasi, ndipo njira ankaidziwa bwino. Tsiku limenelo anachedwa, ndipo anafika yekha. Pakhonde panali amayi awiri a chigwirizano odzayesa mabulawuzi, amene ndinali nditangowauza monyada kuti mwana wanga tsopano akuphunzira kulankhula ngati munthu aliyense. Analowa pageti akuthamanga. Diresi linali litang'ambika paphewa, nsapato imodzi palibe, waya wa kabokosi utaduka, matope mpaka m'tsitsi, bondo likuchucha magazi. Anaiwala lamulo. Anafika pamaso panga manja akuuluka, mofulumira kuposa kale lonse. Maso sungawatseke, choncho zina ndinaziona: chinthu chachikulu, kuthamanga, ngalande, kugwa. Anali asanafike pakati pa nkhani.

Amayi aja ankandiyang'ana. Ndinamugwira mikono yonse iwiri n'kuitsitsa.

"Nena ndi pakamwa," ndinamuuza, ndikutsegula milomo kwambiri kuti aone.

Anadzipulumutsa n'kuyambiranso. Ndinamugwiranso, anadzipulumutsanso. Pamenepo mtima wanga uja unakwera. Ndinatola rula yamatabwa yoyezera nsalu n'kumumenya pazala, kawiri.

Mwana anayang'ana zala zake, kenaka anayang'ana ine. Anatsegula pakamwa n'kutulutsa liwu lalitali, losweka, likukwera ndi kutsika, misozi ikuyenderera. Ankayesetsa ndi mphamvu zake zonse kundiuza mwa njira imene ndinkafuna. Palibe mwa ife anamvetsa ngakhale liwu limodzi. Mmodzi wa amayi aja anati, "Akuyesa ndithu, mwana." Ndinamutsuka bondo ndi madzi a mchere, ndinamusintha zovala, ndinamaliza kuyesa mabulawuzi.

Alendo atapita nzeru zinabwerera. Ndinamupeza atakhala pamwala kuseri kwa nyumba. Ndinagwada patsogolo pake, ndinatulutsa manja anga kwa nthawi yoyamba m'chaka chonse, n'kumufunsa m'chinenero chathu chija: chachitika n'chiyani, wakuchita ndani? Anayang'ana manja anga nthawi yaitali. Kenaka anatenga ake n'kuwaika kumbuyo.

Atate ake atabwera anayesa, sanawauze. M'mawa mwake ndinayenda njira yonse mpaka ku Woodlands, ndikufunsa ogulitsa chimanga chootcha ndi alonda a m'mageti. Palibe anaona kanthu. Anzake awiri aja anali atatsala kusukulu tsiku limenelo. Mpaka lero sindidziwa ngati anali galu, kapena ana oponya miyala, kapena galimoto, kapena munthu wamkulu. Ndaganizapo zonse, ngakhale zimene mayi safuna kuziganiza. Mwana wanga anathamanga mtunda wonsewo ndi nsapato imodzi kudzandiuza ine, ndipo ine ndinamumenya.

Kuyambira pamenepo lamulo langa linagwira bwino kwambiri. Sanakwezenso dzanja pamaso panga. Pamkeka ankachita zonse zimene ndamuuza, ndipo aphunzitsi anandiyamikira pamaso pa makolo ena kuti ndine mayi wachitsanzo. Pa zaka ziwiri anaphunzira mawu oti ungawawerenge ndi zala za m'manja ndi za kumapazi: tiyi, madzi, basi, zikomo, amama, ndi ena otero. Ife a m'nyumba tinkawamva. Wa pagolosale sankawamva, ndipo ana a m'misewu anapeza chinthu chatsopano choseka. Kenaka dona uja anabwerera kwawo ntchito ya mwamuna wake itatha, aphunzitsi anawasamutsira kutali, kalasi n'kutsekedwa. Mabatire a kabokosi anasowa m'tauni yonse ngati mmene anasowera sopo. Kabokosi tinakaika m'sutikesi. Ndinabwerera kwa ahedi aja ndi mwana wonena tiyi ndi zikomo, ndipo anandiyankha chimodzimodzi ngati poyamba.

Abusa anatipezera malo kusukulu ya mishoni ya ana osamva, yogonera komweko, kwathu kummawa. Atate ake ndiwo anamuperekeza. Pokwerera mabasi ku Kamwala mwana anandipatsa moni wotsanzika atapinda maondo, dzanja lina litagwira mkono, mwaulemu wonse, ngati akutsanzika mlendo wa kutchalitchi. Anali ndi zaka khumi.

Pobwera patchuthi anabwera ndi manja atsopano. Ana a kumeneko anali ndi chinenero chawo chimene ankaphunzitsana okhaokha kogona ndi kumunda, chothamanga, chodzaza, chosiyana kutalitali ndi timanja tathu ta m'nyumba. Mnzake wina wa ku Chilenje ankabwera kudzacheza, ndipo ankakhala pansi pa mtengo wa mango maola ndi maola, akuseka mpaka kugwirana mapewa. Ine ndinkakhala pamakina ndikuba ndi diso, osatolapo kanthu. Atate ake anaphunzirako pang'ono, ndipo mwana ankawaseka akalakwitsa. Koma ine ndikangoyandikira manja ankatsika. Kwa ine kunali liwu lija, kapena kapepala: Amama ndifuna sopo. Amama sukulu titsegula Lolemba. Sanandichitepo mwano ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandichita mwano.

Zaka zinapita. Chakumapeto kwa nthawi ya chipani chimodzi, atate ake atamwalira kale, makolo a ana osamva anatiitanira kumsonkhano muholo ina m'tauni. Kutsogolo kunaima mphunzitsi wachinyamata wa tayi, pambali pake mayi wina akumasulira ndi manja poyera, pamaso pa akuluakulu a boma. Mphunzitsiyo anatiuza mawu atsopano oyenera kunena ndi akale oyenera kusiya. Kenaka anati kulankhula ndi manja ndi chinenero chokwanira ngati Chinyanja kapena Chibemba, kuti mwana wosamva ayenera kuchipeza adakali wamng'ono, ndipo makolo amene amakonda ana awo achiphunzire msanga.

Sindinadikire nthawi ya mafunso. Ndinaimirira.

"Mwati bwanji, aphunzitsi? Bwerezani."

Anabwereza, akumwetulira.

"Nanga ine," ndinatero, "amene ndinamenya zala za mwana wanga ndi rula chifukwa anzanu ophunzira anandiuza kuti manja ndi oipa, ndikadandaule kwa yani? Ofesi yake ili kuti? Mawu anuwa mumasintha ngati malaya, chaka chino awa, chaka chamawa ena. Koma mwana sakula kawiri!"

Mayi womasulira uja anamasulira zonse, ndinamuona, mpaka rula. Mphunzitsiyo anati, "Pepani amai. Nthawi ija ndi mmene anthu anali kudziwira." Nditakhala pansi, bambo wina wachikulire amene anali pafupi nane anaweramira kwa ine n'kunong'ona kuti, "Ine wanga n'nali kumumanga na nthambo." Sitinayang'anane.

Nthawi imeneyo mwana wanga anali atakwatiwa ndi kalipentala, wosamva mnzake, munthu wabwino, ndipo ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chelstone. Funso langa lija loti adzamukwatira ndani linali litayankhidwa popanda thandizo langa. Anali ndi khanda lalikazi, lakumva bwinobwino. Ine ndinayamba kupita Loweruka lililonse kwa mayi womasulira uja kuti andiphunzitse, osauza munthu. Zala zanga zinali zitauma ndi nyamakazi ndi zaka za kusoka, ndipo mutu sunkagwira msanga. Sindinkafuna zambiri. Ndinamupempha kuti andiphunzitse kunena zinthu zitatu: ndinalakwa, ndikhululukire, ndiuze zonse. Ndinaziyeseza miyezi iwiri pagalasi lomwe lija. Tsiku lopita ku Chelstone ndinaziyesezanso m'basi, manja ali pansi pa chikwama, mpaka mayi amene ndinakhala naye anasuntha.

Ndinafika masana. Chitseko chinali chotsegula, ndipo pakhomo pa munthu wosamva sugogoda, choncho ndinangoima. Anali pamkeka, khanda la miyezi isanu ndi inayi litakhala patsogolo pake. Ankalifotokozera nkhani. Sindinamve yonse, koma munali mphaka ndi mayi wina wonenepa. Masaya, nsidze, mapewa, zonse zinali pantchito, ndipo khandalo linkaseka n'kumaponya timanja take kuyankha. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaione kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinaima pamenepo ndikumwa ndi maso, mtima ukuwawa ndi kukoma nthawi imodzi.

Mthunzi wanga unagwera pamkeka. Anatembenuka, nkhope ija n'kuzima. Anaimirira, anapinda maondo, anandilandira chikwama.

"Amama," anatero ndi liwu lake lija. "Tiyi?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinaganiza kuti ndidikire akhale pansi kaye, tiyang'anane bwino, ndiyeno ndinene zanga zitatu zija. Anapita pambaula pakona, ine ndinanyamula mdzukulu wanga n'kumukhazika pamiyendo. Kanali kamwana konenepa, kamaso akuthwa. Kanandiyang'anitsitsa, kanagwira mkanda wanga, kenaka kanakweza timanja tonse tiwiri pamaso panga n'kuyamba kufumbata ndi kutambasula, kufumbata ndi kutambasula, n'kudzigwira pachibwano. Kankandilankhula. Chizindikiro chimenecho ndinkachidziwa, mayi womasulira anali atandisonyeza: kankafuna mkaka. Chimwemwe chinandigwira. Ndinasolola dzanja langa lamanja n'kulikweza kuti ndikayankhe.

Kapu inagwa pansi n'kusweka. Sindinaone mmene anadutsira chipinda chonse. Ndinangozindikira mwana wachoka pamiyendo panga, ali pachifuwa pa mayi wake, timanja tonse tiwiri tatsekeredwa m'dzanja limodzi la mayi wake, ndipo iye watembenuza phewa kuti likhale pakati pa ine ndi khandalo. Ankapuma mofulumira. Sanaganize, thupi linangochita lokha. Dzanja langa linali likadali m'mwamba.

Kenaka anazindikira chimene wachita, ndipo anaona kuti ine ndaona. Tinayang'anana. Milomo yake inagwedera ngati akufuna liwu pa mawu ochepa aja amene ndinamuphunzitsa, koma panalibe loyenera. Ine zanga zitatu zija zinali m'zala, zokonzeka. Ndinaona mmene ankayang'anira dzanja langa, ndipo ndinalitsitsa pang'onopang'ono n'kuliika pabondo.

Anasesa magalasi a kapu mwana ali m'manja. Anandithirira tiyi m'kapu ina, ndinamwa, ndinayamikira makatani amene anasoka yekha. Dzuwa litapendeka ndinatsanzika. Pondiperekeza kokwerera basi anabereka mwana kumbuyo, timanja tonse tiwiri atatikulunga m'kati mwa nsalu, ngakhale kunja kunali kutentha kwa mwezi wa Okutobala.